Botolo la mankhwala a chifuwa likasanduka chakumwa cha achinyamata

Botolo la mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine nthawi zambiri limakhala la mamililita 100, ndipo m'mabotolo ambiri amtunduwu supuni yaing'ono imodzi, ya mamililita 5, imanyamula mamiligalamu 10 a codeine. Munthu wamkulu amene chifuwa chouma chikumusowetsa tulo amauzidwa kumwa supuni imodzi kapena ziwiri, kenako n'kudikira maola angapo. Ndiye kuti m'botolo limodzi muli masupuni 20 oti amwedwe pang'onopang'ono kwa masiku. Mnyamata wa zaka 16 amene akufuna kuledzera nawo amakhuthulira botolo lonse m'chakumwa choziziritsa kukhosi n'kulimaliza madzulo amodzi. Mankhwala ndi omwewo, opangidwa m'fakitale yovomerezeka, olembedwa tsiku lothera mphamvu pambali. Chimene chasintha ndi mlingo, msinkhu wa womwa, ndi chifukwa chomwera.

Apa ndi pomwe pagona vuto. Chamba chimanunkha, kachasu amanunkha, ndipo kholo lililonse limadziwa kuti zinthu zavuta likapeza zimenezi m'thumba la mwana. Koma botolo la mankhwala kapena kapepala ka mapiritsi zimalowa m'nyumba ndi ulemu wa kuchipatala. Mayi akalipeza m'chikwama cha sukulu amangofunsa kuti, "Kodi chifuwa chija chayambiranso?" Mwana n'kuyankha kuti, "Eya amayi, chikumandivuta usiku," nkhani n'kuthera pomwepo. Mwanayo nayenso amadzitonthoza ndi maganizo omwewo, akuti zimene adokotala amapereka sizingaphe munthu. Zimapha ndithu, ndipo kawirikawiri zimapha munthu ali m'tulo, a m'nyumba akuganiza kuti watopa.

Zimene codeine amachita akalowa m'thupi

Codeine ndi m'bale wake wa morphine ndi heroin. Onsewa gwero lawo ndi chomera cha poppy, ndipo codeine anamupatula koyamba ndi katswiri wa ku France, Pierre Robiquet, mu 1832. Payekha alibe mphamvu zambiri. Akamwedwa amapita kuchiwindi, komwe kuli kanthu kotchedwa CYP2D6 kamene kamasandutsa gawo lake laling'ono, pafupifupi limodzi mwa magawo khumi, kukhala morphine. Morphine ameneyo ndiye amakagwira ntchito mu ubongo: amapha ululu, amabweretsa tulo, ndipo amapatsa munthu kamtendere kofunda kamene omwa amakasakasaka. Mwana amene wamaliza botolo lonse ndiye kuti wamwa morphine, kungoti wadzera njira yozungulira.

Ziwindi za anthu sizigwira ntchitoyi mofanana. Zili ngati zigayo: china chimagaya mozengereza, china chimameza thumba lonse m'kanthawi kochepa. Munthu amabadwa nako kusiyanaku ndipo sikuoneka pankhope. Pali anthu amene chiwindi chawo sichisandutsa codeine mpang'ono pomwe, moti akamwa samva kanthu. Pali enanso amene chiwindi chawo chimapanga morphine wambiri mofulumira, ndipo kwa iwowa ngakhale mlingo wolembedwa ndi dokotala ungakhale woopsa. Anthu otere ndi ochuluka m'madera ena a Africa ndi a Aarabu kusiyana ndi ku Ulaya, ndipo kafukufuku wina wa ku Ethiopia anapeza oposa munthu mmodzi mwa anayi alionse. Anyamata awiri angagawane botolo limodzi pakati ndi pakati, wina n'kudzuka mawa mutu uli waa, mnzake osadzukanso. Mawu akuti "mnzanga amamwa tsiku lililonse koma ali bwinobwino" satsimikizira chilichonse.

Imfayo imadzera pa kupuma. Kumunsi kwa ubongo kuli kachigawo kamene kamatilamula kupuma ngakhale tili m'tulo tofa nato. Mpweya woipa ukachuluka m'magazi, kachigawoka kamazindikira n'kutikakamiza kukoka mpweya. Morphine amakagonetsa. Munthu amayamba kupuma motalikitsa, kenako mwa apo ndi apo, akuliza mkonono wachilendo ngati akutsamwa, mpaka kusiyiratu. Safuula, sagubuduka, ndipo ogona naye chipinda chimodzi angamve mkononowo n'kutembenukira kukhoma.

N'chifukwa chake mayiko akhala akumangitsa malamulo. Mu 2015 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linaletsa kupereka codeine wa chifuwa kwa ana osakwana zaka 12. Ku America, bungwe loona za mankhwala la FDA linaletsa codeine ndi mankhwala ena opha ululu otchedwa tramadol kwa ana a msinkhu womwewo mu 2017, ndipo mu 2018 linalamula kuti mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine azipatsidwa kwa anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo basi. France inasiya kugulitsa codeine popanda kalata ya dokotala mu July 2017 achinyamata awiri atamwalira chaka chomwecho. Australia inatsatira mu 2018, ndipo Britain inachita chimodzimodzi ndi mankhwala a chifuwa a codeine mu 2024. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa chifuwa wamba cha chimfine, kafukufuku sanasonyeze kuti codeine amathandiza kwenikweni kuposa madzi otsekemera opanda mankhwala. Tikuika ana pangozi chifukwa cha mankhwala amene pa ntchito yake yeniyeniyo ndi ofooka.

Tramadol, diazepam ndi kusakaniza

Tramadol anapangidwa ndi kampani ya Grünenthal ku Germany ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1977. Ndi mankhwala abwino kwa munthu wothyoka mwendo kapena wochitidwa opaleshoni. Kapisozi wa kuchipatala nthawi zambiri amakhala wa mamiligalamu 50, ndipo wamkulu saloledwa kupitirira 400 pa tsiku. Koma mapiritsi ozembetsedwa amene anasefukira kumadzulo kwa Africa, ambiri ochokera ku India, amakhala a 225 kapena 250 pa piritsi limodzi. Amenewo sanapangidwire wodwala aliyense.

Tramadol ali ndi nkhope ziwiri. Mbali ina amagwira ngati codeine, mbali ina amasokoneza timadzi ta mu ubongo timene timayendetsa chisangalalo ndi changu. Choncho ena akamwa samawodzera, amamva ngati apeza mphamvu zatsopano. Ichi ndi chimene chimakopa mnyamata wonyamula katundu pamsika, wokumba miyala, woyendetsa njinga yamoto kuyambira mbandakucha mpaka usiku: msana umasiya kuwawa, njala imazilala. Ena amamwa pofuna kuchedwa pogonana. Mtengo wake ndi wakuti tramadol wambiri amagwetsa munthu ngati wa khunyu, ngakhale amene sanadwalepo khunyu chibadwire. Zikamuchitikira ali pa njinga yamoto atanyamula mayi ndi mwana, anthu amangoti inali ngozi ya pamsewu.

Diazepam, amene ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti Valium, ndi wa banja lina. Achipatala amamugwiritsa ntchito poletsa kukomoka ndi kunjenjemera, pochepetsa nkhawa yaikulu, ndi pothandiza chidakwa chimene chikusiya mowa. Payekha nthawi zambiri amangogonetsa ndi kuiwalitsa. Koma akakumana ndi codeine kapena tramadol, kapena mowa, onsewo amakanikiza malo amodzimodzi oyendetsa kupuma aja, ndipo mphamvu zawo zimathandizana. Imfa zambiri zobwera ndi mankhwalawa zimachitika posakaniza. Botolo la codeine, mapiritsi awiri a diazepam ndi kabotolo ka mowa waukali, chilichonse pachokha mwina mwana akanapulumuka, koma pamodzi ayi.

Pali msampha winanso umene achinyamata sauganizira n'komwe. Mapiritsi ambiri a codeine amasakanizidwa ndi paracetamol, yemwe timamutcha panado uja. Wofuna codeine wambiri amameza mapiritsi ambiri, ndipo limodzi nawo amameza panado wopitirira magalamu 4 amene ndi malire a munthu wamkulu pa tsiku. Panado wochuluka amawononga chiwindi mobisa. Tsiku loyamba munthu amangomva nseru, lachiwiri amaoneka ngati wachira, lachitatu kapena lachinayi maso amachita chikasu chiwindi chitawonongeka kale. Mankhwala oletsa poizoniyu alipo, koma amagwira bwino akaperekedwa m'maola asanu ndi atatu oyambirira, nthawi imene mwanayo akuumirira kuti ali bwino.

Chifukwa chake achinyamata amakodwa msanga

Ubongo wa munthu umamaliza kukhwima cha m'ma zaka 25, ndipo mbali imene imachedwa kwambiri ndi yakutsogolo, imene imayeza zotsatira za chinthu ndi kugwira munthu kuti asachite mopupuluma. Mbali yofuna zosangalatsa ndi kuyamikiridwa ndi anzake imakhala itayaka kale pa zaka 14 kapena 15. Izi sizikutanthauza kuti achinyamata ndi opusa. Zikutanthauza kuti chinthu chokoma chikalowa pa msinkhu umenewu, ubongo umachiphunzira mozama kuposa mmene ungachitire pa zaka 35, ndipo amene ayamba ali wamng'ono ndi amene amavutika kwambiri kusiya.

Komanso si onse amene amayamba pofuna chisangalalo. Wina ali mu Fomu 4, mayeso ayandikira, tulo sitikubwera, mnzake wa ku hositelo n'kumupatsa kapiritsi. Wina makolo akumenyana usiku uliwonse. Wina anachitidwa chipongwe ndipo alibe womuuza. Wina anamaliza sukulu zaka ziwiri zapitazo ndipo tsiku lake lonse ndi kukhala pa mlatho kuyang'ana magalimoto. Kwa ana oterewa botolo lija limagwiradi ntchito, kwa maola anayi. Tikamawauza kuti mankhwalawa alibe ubwino uliwonse amadziwa kuti tikunama, ndipo samveranso zina zonse zimene tinganene. Choonadi choyenera kuwauza n'chakuti mpumulowo ndi wangongole, ndipo ngongoleyo imakula mwezi ndi mwezi.

Nyimbo ndi mafoni zawonjezera ulemerero pa chinthu chimene kale chinali chamanyazi. Chizolowezi chosakaniza mankhwala a chifuwa a codeine ndi promethazine m'chakumwa chotsekemera chinatchuka ku Houston, m'chigawo cha Texas, ndipo oimba a hip hop anachifalitsa dziko lonse ndi dzina lakuti lean. Kapu yoyera yokhala ndi chakumwa chofiirira inasanduka chizindikiro cha munthu wotsogola. Mwana amaona kapuyo pa TikTok ndi pa YouTube, koma si onse amene amadziwa kuti Juice WRLD, woimba amene achinyamata ambiri amamukonda, anamwalira kufupi ndi Chicago mu December 2019 ali ndi zaka 21 chifukwa cha codeine ndi mankhwala ena amphamvu opha ululu otchedwa oxycodone.

Njira imene mabotolo amadzera

Ku South Africa malamulo amalola wogulitsa mu famase kupereka codeine wa mlingo wochepa popanda kalata ya dokotala, bola alembe dzina la wogula. Mu 2013 kunayambika dongosolo la Codeine Care Initiative lofuna kuti ogula azilembedwa pa kompyuta kuti munthu mmodzi asazungulire mafamase khumi tsiku limodzi, koma si mafamase onse amene analowamo. Mabotolo ambiri amatuluka pakhomo lakuseri, n'kuwoloka Limpopo pa Beitbridge atabisidwa m'mathiraki ndi m'mabasi. Ku Zimbabwe mankhwala a BronCleer, opangidwa ku South Africa, ndi osaloledwa, komabe m'makwalala a Mbare ndi madera ena a Harare dzina lakuti bronco limadziwika ndi mwana aliyense. Ku Zambia bungwe la Drug Enforcement Commission lakhala likugwira mabotolo a mankhwala a chifuwa a codeine pamodzi ndi chamba ndi zina.

Msewu umenewu ndi wathu womwe. Basi yochokera ku Johannesburg imadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete isanafike ku Mwanza kapena ku Dedza, ndipo ana a abale athu okhala ku Joni, ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Lusaka akukulira pakati pa zimenezi. Kuno kwathu palinso khomo lina lotseguka kale: mapiritsi ogulitsidwa pamsika padzuwa pambali pa sopo ndi machesi, mankhwala obedwa m'zipatala za boma, ndi masitolo ena a mankhwala kumene kalata ya dokotala imafunsidwa kwa okhawo ooneka okayikitsa. Lamulo lilipo. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndilo limapereka ziphaso ndi kuyendera ogulitsa. Koma oyendera sangakhale pa kauntala iliyonse, ndipo pamapeto pake chimene chimateteza mwana ndi chikumbumtima cha munthu amene waima kuseri kwa kauntalayo pamene mnyamata wovala yunifolomu akunena kuti, "Achimwene, agogo andituma mabotolo atatu."

Nigeria ikutiphunzitsa zimene zimachitika vutoli likalekereredwa, komanso zimene chiletso chingathe ndi zimene sichingathe. Aphungu a nyumba ya Senate kumeneko ananena kuti m'zigawo ziwiri zokha, Kano ndi Jigawa, mabotolo okwana 3 miliyoni ankamwedwa tsiku lililonse. Mu 2018 atolankhani a BBC anajambula mwakabisira ogwira ntchito m'makampani a mankhwala akugulitsa makatoni kwa anthu a msika wamdima, ndipo boma linaletsa nthawi yomweyo kupanga ndi kuitanitsa mankhwala a chifuwa a codeine. Kafukufuku wa dziko lonse amene anachitika mothandizidwa ndi bungwe la United Nations loona za mankhwala osokoneza bongo anapeza kuti anthu 4.6 miliyoni ankamwa mankhwala opha ululu monga tramadol popanda chifukwa cha matenda, ndipo 2.4 miliyoni ankamwa mankhwala a chifuwa mwa njira yomweyo. Chiletso chinakweza mtengo wa botolo ndi kulichotsa poyera, zomwe zinateteza ana amene anali asanayambe. Koma amene anali atakodwa kale sanachire chifukwa cha chikalata cha nduna. Anasamukira ku tramadol ndi zina, kapena anayamba kugula mabotolo osadziwika kumene apangidwira. India itakhwimitsa malamulo a tramadol mu 2018, ozembetsa anayamba kutumiza mapiritsi ena a mtundu womwewo.

Ku America zinafika poipa mwa njira ina. Achifwamba anayamba kudinda mapiritsi abodza ofanana ndendende ndi a mu famase, koma m'kati muli fentanyl, amene mphamvu zake zimaposa za morphine pafupifupi ka 100, moti mamiligalamu awiri okha angaphe munthu. Imfa za achinyamata a zaka 14 mpaka 18 chifukwa cha mankhwala zinachoka pa 492 mu 2019 kufika pa 954 mu 2020 ndi 1,146 mu 2021, pamene chiwerengero cha achinyamata omwa mankhwalawo sichinakwere. Piritsi logulidwa pamsewu kapena pa foni silingadziwike ndi maso kuti muli chiyani, kaya likhale m'kapepala kokongola bwanji.

Atsikana nawo ali ndi nkhani yawo imene sitiiwerengera m'gulu limeneli chifukwa siledzeretsa. Mapiritsi onenepetsa, amene kawirikawiri amakhala cyproheptadine, dexamethasone kapena prednisolone, amagulitsidwa kwa mtsikana wofuna mbina ndi thupi lodzadza. Dexamethasone amatupitsa nkhope ndi mimba, miyendo n'kumaonda, amayambitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amafewetsa mafupa, ndipo amafooketsa chitetezo cha thupi moti TB imapeza polowera. Womwa kwa nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi angathe kukomoka mpaka kufa, chifukwa thupi limakhala litasiya kupanga timadzi take tachilengedwe. Mafuta oyeretsa khungu okhala ndi betamethasone kapena clobetasol ndi a banja lomwelo. Ambiri mwa mankhwalawa ndi ofunika kalata ya dokotala.

Pamene kufuna kwasanduka kusowa

Ubongo ukamalandira morphine tsiku ndi tsiku umazolowera. Theka la botolo limene linkakwanira limasiya kugwira, pamafunika lathunthu, kenako awiri. Choopsa n'chakuti thupi limazolowera msanga kukoma kuja kusiyana ndi mmene limazolowerera kupanikizika kwa kupuma, choncho mlingo wosangalatsa ndi mlingo wakupha zimayandikirana. Pakapita nthawi mwana samweranso kuti asangalale. Amamwa kuti asadwale.

Kudwalako n'koona, si kunamizira. Pakatha maola 8 mpaka 24 chimwereni, munthu amayamba kuyasamula kosalekeza, mamina ndi misozi zili chuchuchu, thukuta, tsemwe, mafupa kuphwanya ngati malungo, m'mimba kupotokola, kusanza ndi kutsegula. Zimafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu ndipo zimatenga pafupifupi sabata, koma kusowa tulo, kukhumudwa ndi chibaba zimatsalira kwa milungu yambiri. Wosiya tramadol angawonjezere mantha aakulu ndi kuona zinthu zomwe palibe. Wosiya diazepam mwadzidzidzi atamwa kwa miyezi angagwe ngati wa khunyu, ndipo zimenezi zingathe kumupha. Ameneyu amafunika kuchepetsa pang'onopang'ono moyang'aniridwa ndi achipatala.

Ndikunena izi motsindika chifukwa njira zimene timathamangira m'makomo mwathu ndi chikoti, kutsekera m'chipinda, kumanga unyolo, kapena kutumiza mwana kumudzi kwa amalume kuti akaongoke. Mkwiyo wa kholo ndi womveka, makamaka pamene foni ya mlongo wake yasowa ndipo fizi inadyedwa. Koma chikoti sichichotsa chibaba. Chimangophunzitsa mwana kubisa bwino, ndi kukamwera kutali kumene palibe womutembenuza akayamba kutsamwa. Pemphero ndi uphungu wa abusa kapena a shehe zimalimbitsa banja, ndipo zisaletse kupita kuchipatala.

Zizindikiro zimabwera pang'onopang'ono ndipo chimodzi chokha sichikwanira kuweruzira mwana. Kuwodzera masana pakati pa nkhani, kulankhula mokoka lilime, kudzikanda mphuno ndi mikono, kudzimbidwa kwa masiku, mano kuwola chifukwa cha shuga wa m'mabotolo, kamwana ka m'diso kuchepa ngati kadontho ngakhale m'nyumba muli mdima. Magiredi amatsika, anzake akale amasowa, ndalama zimasowa. Mabotolo opanda kanthu amapezeka kuseri kwa bafa kapena padenga la chimbudzi, ndipo chifuwa chimene akuti akumwera mankhwala simunachimvepo. Pofunsa, nthawi yabwino ndi pamene mwana ali bwinobwino, pawiri, osati pamaso pa abale ake. "Mwana wanga, ndapeza mabotolo awa ndipo ndili ndi mantha. Wayamba liti, ndipo chikukusautsa n'chiyani?" Funso lachiwirilo ndi lofunika kuposa loyamba, chifukwa nkhawa, kukhumudwa kapena nkhanza zimene zinamukankhira ku botolo zikapanda kuthandizidwa adzabwererako.

Ngati mwamupeza sakudzuka ngakhale mumugwedeze kapena kumutsina, akupuma motalikitsa kapena mokoka, milomo ndi zikhadabo zasintha mtundu kukhala zotuwa, musamusiye kuti agone zimuthere. Musamumwetse mkaka, madzi amchere kapena makala, ndipo musamusanzitse, chifukwa munthu wokomoka amatsamwa ndi chilichonse cholowa m'kamwa. Mugonekeni chammbali, mutu mutaukweza pang'ono chakumbuyo kuti njira ya mpweya itseguke. Ngati wasiya kupuma, muuzireni mpweya pakamwa. Pezani galimoto nthawi yomweyo, ndipo mutenge botolo kapena kapepala ka mapiritsi kuti achipatala aone. Pali jakisoni wotchedwa naloxone amene amachotsa mphamvu ya codeine ndi morphine m'mphindi zochepa, koma iyeyo amatha mphamvu pakati pa mphindi 30 ndi 90, mankhwala aja akadali m'thupi, choncho wodwala akatsitsimuka asathamangire kunyumba. Kwa anzake amene anali naye: nenani zoona za chimene wamwa. Ana ambiri atayika chifukwa anzawo anaopa apolisi kapena ahedi n'kudikira kuti kuche.

Kabati ya kunyumba

Kafukufuku wa ku America wakhala akusonyeza chaka ndi chaka kuti pafupifupi theka la anthu omwa mankhwala opha ululu molakwika amawapeza kwa mnzawo kapena wachibale, osati kwa wogulitsa wa mumdima. Ifenso tili ndi chizolowezi chosunga mankhwala otsala ndi kugawana. Bambo anachitidwa opaleshoni, tramadol anatsala, ali m'kabati pambali pa makapu. Mwana wamkazi akudandaula m'mimba pa nthawi ya kumwezi, azakhali n'kunena kuti, "Imwa awa, ine anandithandiza." Umo ndi mmene ana ambiri amalawira koyamba, kuchokera m'dzanja la munthu wowakonda. Mankhwala amphamvu ayenera kukhala pokiyidwa, mwini wake azidziwa kuti atsala angati, ndipo otsala abwezedwe ku famase kapena kuchipatala. Dokotala akalembera wachinyamata mankhwala opha ululu, kholo lili ndi ufulu wofunsa ngati panado kapena ibuprofen sangakwanire, ndi kuti amwe masiku angati.

Pali mbali ina imene sitiyenera kuiiwala pamene tikufuula kuti boma liletse. Mayiko athu ali ndi vuto la kuchepa kwa mankhwala opha ululu, osati kuchuluka kokha. Mayi wodwala khansa ya khomo la chiberekero, mwana wopsa ndi moto, munthu wa ngozi ya pamsewu, onsewa amafunika morphine, amene ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa World Health Organization. Ogwira ntchito yosamalira odwala matenda osachiritsika, monga a Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi a Ndi Moyo ku Salima, akhala akulimbana kwa zaka zambiri ndi mantha amene amachititsa achipatala ndi achibale kumana wodwala morphine. Lamulo lokhwima mosaganiza bwino limalanga agogo amene akubuula pamphasa, pamene wozembetsa akupitiriza malonda ake. Choyenera kutsekedwa ndi khomo lakuseri: katoni yotuluka m'nyumba yosungira mankhwala popanda zikalata, famase yogulitsa mabotolo khumi kwa munthu mmodzi, ndi tebulo la mapiritsi pamsika.

Thandizo lilipo ngakhale ndi lochepa poyerekeza ndi kufunika kwake. Ku Malawi kuli chipatala cha Zomba Mental, kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kumene amathandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala, ndipo zipatala za m'maboma zili ndi anamwino ophunzira za matenda a maganizo amene ndi poyambira pafupi. Mwana kapena kholo angaimbe pa nambala yaulere yothandiza ana ya 116. Ku Lusaka kuli Chainama Hills, ku Bulawayo kuli Ingutsheni. Kupita kumalo amenewa sikutanthauza kuti mwana wapenga, ndipo manyazi a dzina la chipatala asachedwetse banja.

Kuchotsa mankhwala m'thupi kumatenga sabata imodzi kapena ziwiri, koma kuchira kumatenga miyezi, ndipo ambiri amagwa kamodzi kapena kangapo asanaime. Banja liyenera kudziwiratu chinthu chimodzi chimene achinyamata ambiri sauzidwa potuluka m'chipatala, m'ndende kapena pobwera kuchokera kumudzi: pakatha milungu ingapo osamwa, kuzolowera kuja kumatha. Mlingo umene mwana ankamwa bwinobwino mwezi watha tsopano ungamuphe. Milungu yoyambirira atabwerera kunyumba ndi imene imafuna maso kwambiri, asamagone yekha m'chipinda chokiya, ndipo tsiku lokaonananso ndi achipatala likhale lodziwika asanatuluke pa geti.